Malire pa penshoni ya olemera sangathandize mayi wa ku Tsoka

Ku America boma limaika malire pa ndalama zimene munthu angasunge mu akaunti ya penshoni yotchedwa Roth IRA. Mu 2024 malirewo anali madola 7,000 pa chaka kwa munthu wosakwana zaka 50, ndipo banja lopeza madola 240,000 kapena kuposa silinkaloledwa kuikamo mwachindunji. Cholinga n'chakuti mwayi wochepetsa msonkho usathere kwa anthu okhuta kale.

Kuno kwathu lamulo la penshoni limatchula ndalama zochepetsetsa zoyenera kuikidwa. Bwana amayenera kuika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti.

Tiyerekeze bambo ndi mayi a ku Area 43, onse ogwira ntchito ku City Centre, aliyense akulandira K2 miliyoni pa mwezi. Penshoni ya banjali ikukula ndi K600,000 mwezi uliwonse, ndipo K400,000 mwa ndalamazo zikuchokera kwa mabwana awo. Mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka ndi mwamuna wake wa kabaza alibe bwana woti awaikire ngakhale tambala.

Ena angati titengere Amerika, tiike malire. Ine sindikuvomereza. Ndalama za penshoni ndi zina mwa zimene zimagula masheya pa Malawi Stock Exchange komanso kukongoza boma. Mukaika malire, banja la ku Area 43 silisauka. Ligula puloti ina kapena madola, makamaka likakumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mayi wa ku Tsoka sapeza kanthu.

Chofunika n'kutsegulira khomo amene ali kunja. Dziko la Rwanda linayambitsa Ejo Heza mu 2018: munthu amasunga pang'onopang'ono pa foni, ndipo boma limawonjezerapo kwa osauka. Ifenso tili ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo banki m'khonde yasonyeza kale kuti Amalawi amadziwa kusunga. Bwanji boma osaika kangachepe pa K1,000 iliyonse imene wa kabaza wasunga?

Anzanga, nkhaniyi ndi yathu. Si tonse amene tidzapeze ofesi ku Capital Hill tikamaliza digiri. Ambiri tidzachita geni kapena maganyu a pa intaneti. Tikapanda kuyankhula lero, tikadzakalamba tidzadalira ana athu, monga momwe makolo athu akudalira ife.