Buluu wa pa foni si buluu wa pa pepala

Ukwati wa achemwali anga utayandikira, komiti inandipatsa ntchito ya makhadi. Akuti ine ndiye wa sukulu, za kompyuta ndimazitha. Ndinakonza khadi pa Canva, labuluu wowala ngati madiresi a operekeza akwati. Pa foni linkaoneka bwino zedi. Ndinaliponya pa WhatsApp kwa osindikiza n'kuwauza kuti, "Sindikizani onse 200, ndidzatenga mawa."

Nditatsegula katoni, thukuta linandiyamba. Buluu uja anali atasanduka wapepo, nkhope za akwati zili mbuu, ndipo nambala ya foni ya m'munsi itadulidwa theka. Ndalama za komiti zinali zitapita.

Bambo wa pa makina anandikhazika pansi. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kutatu: kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu. Ndiyo RGB. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, zomwe amazitcha CMYK, ndipo inki singawale ngati foni. N'chifukwa chake buluu wowala amakonda kuthawira ku pepo.

Zinazo ndinalakwitsa ndekha. WhatsApp imafinya chithunzi kuti isadye bando, pomwe chosindikiza chimafuna 300 dpi. Tumizani PDF ngati document, osati ngati chithunzi. Komanso makhadi amadulidwa ali mulu, mpeni sugwera pamalo amodzimodzi ndendende. Mtundu wakumbuyo uzipitirira malire ndi mamilimita atatu, omwe amati bleed, ndipo mawu azikhala patali ndi m'mphepete.

Koma cholakwa chachikulu chinali kuthamanga. Sindinapemphe pulufu, khadi limodzi loyeserera losindikizidwa papepala lomwelo. Pulufu muziionera panja pa kuwala kwa dzuwa, osati pansi pa babu. Werengani mokweza mayina, tsiku, nthawi, malo ndi manambala. Kenako mupatseni munthu amene sanalembe nawo, chifukwa diso la mlembi limawerenga zomwe zili m'mutu mwake. Mukangovomereza pulufu, cholakwika chotsala ndi chanu, osati cha osindikiza.

Ulendo wachiwiri ndinalipira za m'thumba mwanga. Pulufu ndinapita nayo kwa azakhali, omwe alibe ndi foni yotachatacha yomwe. Anavala magalasi, n'kuyendetsa chala mzere ndi mzere.

"Iwe, dzina la alamu akowa lasowa chilembo."

Ine ndinali nditaliwerenga kasanu.