Sipanala ya batire: yambani mwaganizira nati

Sabata yatha ndinapeza lole ya mabelo a fodya itaphulika tayala lakumanzere pa msewu wochoka ku Furancungo kupita ku Tete. Anyamata atatu amadumphira pa paipi yolowetsedwa ku sipanala, nati osasuntha. Wina anatulutsa kasipanala ka batire kogula pamsika. Kanangolira ngati njuchi basi.

Amakanika anzanga, musanataye ndalama, dzifunseni kuti nati yaikulu imene mumalimbana nayo ndi iti. Manati a matayala a lole zikuluzikulu amamangidwa mpaka pafupifupi 600 Nm, ndipo akachita dzimbiri ndi matope a dzinja amafuna mphamvu yoposa apo. Kakang'ono ka 300 Nm nkokwanira pa njinga yamoto ndi pa chigayo. Pa lole ndi thalakitala funani ya mutu wa 3/4 inchi yopitirira 1,000 Nm, monga Makita DTW1001. Koma ikhale yeniyeni. Zachinyengo zachuluka, ndipo mudzazidziwa ndi kupepuka kwake ndi mtengo wotsika modabwitsa.

Mabatire akhale awiri a 5Ah, poti thalakitala ikafera kumunda wa mbatata ku Tsangano simudzapeza potchajira. Masoketi akhale akuda aja. Onyezimira amasweka nkulasa maso. Pomanga, malizani ndi sipanala yoyezera mphamvu.

Za lole ija, inali yakale ya ku Japan. Manati ake akumanzere, olembedwa L, amamasulidwa pozungulitsira kumanja. Anyamata aja amangowamangitsa.