Dzina Lako Ndani, Mnzanga wa Tchesi?

Anzanga ena kuno ku Chinyonga amachezera usiku wonse akuseŵera tchesi pa Lichess ndi Chess.com, koma ndi maina obwereka. Akuti ndi ufulu wao. Ine ndikukana.

Pa bawo palibe chobisika. Manja a mnzako uli kuwaona, ndipo akaba nkhomo, mudzi wonse umdziŵa. Pa intaneti munthu atsegula kompyuta pambali kuti izimuuza poponda, nagonjetsa anzake okhetsa thukuta. Akamgwira ndi kumtsekera akaunti, maŵa abwera ndi dzina lina, woyera ngati khanda. Manyazi asoŵa pomata.

Ena anditsutsa kuti ngakhale Magnus Carlsen waseŵerapo monga DrNykterstein. Inde, koma dziko lonse lidziŵa mwini dzinalo, ndipo akalakwa mlandu ndi wake. Enanso andikumbutsa masiku a Kamuzu, pamene Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Masiku amenewo kubisa dzina kunali kupulumutsa moyo. Nanga lero ndani adzakutengerani ku Mikuyu chifukwa chosuntha kavalo?

Mtsikana wothaŵa chipongwe cha anyamata abise dzina lake, sindimletsa. Pa maseŵera ongocheza, dzitcheni chimene mufuna. Koma pamene pali mphotho, kapena posankha oimira sukulu yathu, okonza mpikisano aone dzina la pa chitupa. FIDE, bungwe la tchesi la dziko lonse, imalemba munthu ndi dzina lake lenileni. Wofuna ulemu wa kupambana asenzenso manyazi a kugwidwa.