Manambala a Makina Nawonso Amanama

Ophunzira ambiri amakhulupirira chipangizo choyezera magetsi choonetsa manambala kuposa chija cha muvi wogwedezeka. Chikhulupiriro chotere chili ndi msampha. Mphamvu ya magetsi imakwera ndi kutsika kosalekeza ngati funde, koma chipangizo cha manambala chimangotapako apa ndi apo, monga mayi wolaŵa ndiwo. Ntchito ya Harry Nyquist mu 1928 ndi Claude Shannon mu 1949 inakhazikitsa lamulo lakuti funde lobwereza ka 50 pa sekondi, monga magetsi a m'nyumba, litapidwe koposa ka 100. Kutapako kukapereŵera, makina amanama osaphethira: amaonetsa funde lina lochedwa, ngati gudumu la galimoto looneka likubwerera m'mbuyo pa kanema. Tsono mphunzitsi asalole mwana kukopera manambala m'kope asanafunse kuti chipangizocho chimatapa kangati pa sekondi.