Atolankhani asamangidwe pakamwa

Akonzi,

Ndiloleni ndikumbutse abusa ndi anzanga akumudzi kuti wakuba amadana ndi kuwala. Mu 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula boma, nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka idatenthedwa, poti masiku amenewo kunena zoona unali mlandu. Koma mu 2013 nyuzipepala ndi mawayilesi zidalengeza poyera za Cashgate, mabiliyoni atabedwa ku Capital Hill zipatala zikusowa mankhwala, ndipo ena adamangidwa. Atolankhani akadakhala omangika pakamwa, ife kumudzi tikadadziwa bwanji?

Lamulo lotilola kufunsa boma za ndalama zathu lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Tiyeni tizifunsa kukhonsolo kuti za mjigo ndi mlatho zidapita kuti. Ndipo mtolankhani akaopsezedwa, inu abusa musakhale chete paguwa.

Mlimi wokhudzidwa,
Ntcheu.