Musanagule mbuzi yoyera ija

Nyengo ya dzinja yapitayi ndinaima pakhola la alamu anga ku Salima, tikuyang'ana mbuzi yoyera mbee itagona cham'mbali, mutu utapindikira kumsana, miyendo ikupalasa pansi ngati ikuthamanga. Anali ataigula miyezi itatu m'mbuyomo ndi ndalama ya mtedza wa chaka chonse, pofuna kuti ana awo azimwa mkaka tsiku lililonse. Alangizi a ziweto atafika anaipenda kunsi kwa mchira ndi pakati pa ziboda, nkupeza nkhupakupa zitakanirira. Anati ndi matenda a heartwater. Madzulo ake inafa. Pambali pake mbuzi zachikuda zinali phee kubzikula, nazonso zili ndi nkhupakupa zomwezo.

Nkhani imeneyi imandiwawabe, chifukwa alamuwo sanalakwe kufuna mkaka. Pakhomo pamene palibe malo kapena ndalama yosungira ng'ombe, mbuzi ndiyo ng'ombe ya mayi ndi ana. Chinawapweteka ndi kusankha mbuzi pomva malita okha.

Mbuzi ija inali ya mtundu wa Saanen. Kwawo ndi ku Switzerland, m'chigwa chozizira cha pakati pa mapiri. Pa kuchuluka kwa mkaka ndiyo imatsogola. Yodyetsedwa bwino imapitirira malita 3 patsiku, pamene yachikuda ukaikama umangopeza wa tiyi. Koma khungu lake ndi lotuwa, dzuwa limaiotcha, ndipo kukatentha imasiya kudya nkumangopuma wefuwefu. Mbuzi yosadya ilibe mkaka. Ku Dedza kapena kumapiri a Ntcheu ikhoza kukhala bwino ikakhala pamthunzi. Kunyanja, ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndiye kuizunza.

Toggenburg nayo ndi ya ku Switzerland, yofiirira, yokhala ndi mizere iwiri yoyera kumaso. Mkaka wake ndi wocheperako koma ndi yolimbirako, nchifukwa chake bungwe la FARM-Africa linaisankha pothandiza alimi ang'onoang'ono a ku Meru m'dziko la Kenya. Ya kumalo otentha ndi Anglo-Nubian, ya makutu ataliatali olendewera ndi mphuno yokhota. Anaipanga ku England posakaniza mbuzi zakumeneko ndi zochokera ku India ndi kumpoto kwa Africa, ndipo mkaka wake ndi wamafuta ambiri. Za Boer ya ku South Africa, ija yoyera thupi yofiira mutu, musanamizidwe ndi kukula kwake. Imeneyo ndi ya nyama.

Tsono maganizo anga ndi akuti mlimi wa mbuzi zitatu kapena zinayi asagule msoti wachizungu weniweni. Asunge misoti yake yachikuda, makamaka ija imabereka mapasa nkuwalera onse, kenako apeze tonde wa mtundu wa mkaka. Pakatha masiku pafupifupi 150 pabadwa mwana amene theka ndi wakuno, theka ndi wakunja. Ameneyu amatengako kupirira kwa mayi ake ndi mkaka wa bambo ake. Tonde mmodzi akhoza kukwanira mudzi wonse, choncho mabanja angapo akhoza kusonkha, nkusankha mmodzi woti azimusamala m'khola labwino. Chofunika nchakuti asadzakwere ana ake omwe. Ana aakaziwo akamakula, tondeyo asinthanitsidwe ndi wa kwina. Kumalo ozizira munthu akhoza kubwerezanso kusakanizako kuti magazi akunja afike magawo atatu mwa anayi. Kotentha ine ndingaime pa theka.

Ndipo funso loyamba lisakhale la mtundu ayi, likhale la chakudya cha mu Okutobala, tchire lonse litapsa. Kodi mwabzala nsenjere m'mbali mwa dimba? Lukina kapena gliricidia alipo? Masangwi a mtedza munaunjika pamthunzi kapena munawasiya m'munda? Madeya ndi mchere muzizipeza? Mbuzi yokamidwa imamwanso madzi ambiri kuposa momwe tinazolowerera. Khola lam'mwamba, lija ndowe zimagwera pansi, limachepetsa njoka zam'mimba zimene zimamaliza mbuzi zambiri m'dzinja.

Pogula, musamangoyang'ana ubweya. Pitani m'mawa nthawi yokama, muone ndi maso anu mkaka ukugwera m'chigubu. Gwirani bere: likhale lofewa, lopanda zotupa zolimba, mbali zonse ziwiri zofanana, nsonga zake zokwana m'dzanja. Tsegulani chikope chapansi; chikakhala chotuwa m'malo mofiira, njoka zaimaliza magazi. Ngati ndi tonde, pemphani kuona mayi ake.

Ndikudziwa kuti ambirife timanyansidwa ndi mkaka wa mbuzi, ati umanunkha. Kawirikawiri fungolo limachokera kwa tonde akamagona khola limodzi ndi zokamidwa, kapena ku chiwiya chosatsuka bwino. Mupatuleni tonde, tsukani bere ndi madzi ofunda, sefani mkakawo nkuuwiritsa, mwana amwa osafunsa kanthu.

Alamu anga aja tsopano abzala lukina kuzungulira dimba lonse, ndipo khola analikweza. Misoti yawo iwiri yachikuda anaipititsa kwa tonde wa mtundu wa mkaka wa m'mudzi woyandikana nawo. Wina mwa misotiyo bere layamba kale kutsika, ndipo mlongo wanga wasunga kale kapoto kake kowiritsira.