Galimoto ya banja isagulidwe ndi maso okha

Dzina la Starlet si lachilendo m'dziko muno. Kampani ya Toyota idapanga tigalimoto ta dzina limeneli kuyambira mu 1973 mpaka mu 1999, ndipo amakaniko akale a ku Ndirande ndi ku Bangwe adatizolowera kwambiri. Mu 2020 dzinali lidadzukanso pa galimoto yatsopano ya mtundu wa hatchback, ija yodula kumbuyo yomwe chitseko chake chachisanu chimatsegukira m'mwamba, ndipo eni ake adalengeza kuti idzagulitsidwa m'maiko 47 a mu Africa muno. Mu 2022 adaisintha nkhope ndi injini. Lero ikadutsa mumsewu wa Masauko Chipembere, kapena ikaima pakhomo la tchalitchi ku Chilomoni, anthu sachedwa kuipatsa malikisi. Uyu akuti yakongola, uyo akuti ikuoneka yopepuka, winanso akuti bola yalembedwa Toyota, nkhani yatha.

Kukambirana koteroko n'kwabwino, koma kawirikawiri kumayambira kumchira. Anthu amayamba ndi maonekedwe, kenako kukoma kwake poyendetsa, ndipo za kulimba kwa thupi lake amazikumbuka pomaliza, ngati azikumbuka n'komwe. Kwa banja lokhala ku Machinjiri kapena ku Zingwangwa, lomwe lasunga ndalama zaka zambiri kapena latenga ngongole kubanki, mndandandawu uyenera kutembenuzidwa. Kulimba kubwere poyamba, kayendedwe pambuyo pake, kukongola kumapeto.

Za maonekedwe palibe chotsutsa kwenikweni. Starlet ya 2022 ndi yooneka bwino, ili ndi nyali zakuthwa, zitsulo zonyezimira kutsogolo ndi kagalasi ka wailesi kolumikizana ndi foni. Kumpando wakumbuyo akuluakulu amakhala osapanikiza mawondo, chinthu chomwe tigalimoto tambiri ta msinkhu umenewu sitikwanitsa. Ena amadandaula kuti m'kati mwake mudachuluka pulasitiki youma. Dandaulo limeneli n'laling'ono m'dera lomwe fumbi la mwezi wa October limalowa paliponse, chifukwa pulasitiki youma imapukutika ndi kansalu konyowa. Koma akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Penti ndi nyali siziteteza mwana yemwe wakhala kumbuyo.

Pa kayendedwe ndi pomwe maganizo a anthu a m'matauni ngati Johannesburg ayenera kumvedwa mosamala. Olemba za galimoto kumeneko amayamikira kuti Starlet ndi yopepuka, kulemera kwake sikupitirira tani imodzi, ndipo injini yake ya malita 1.5 siimwa mafuta ambiri. Izi ndi zoona, ndipo m'dziko lomwe anthu adagonapo pamizere ya petulo m'zaka za 2022 mpaka 2025, galimoto yosamwa mafuta ndi mdalitso. Chiwongolero chake n'chofewa, moti kutembenuka pamsika wa Ndirande pakati pa maminibasi, ogulitsa malonda ndi njinga za kabaza sikutulutsa thukuta.

Koma iwowo amayesa galimoto pamisewu yosalala. Mzinda wa Blantyre udamangidwa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, ndipo anthu ambiri amakhala m'mphepete mwa mapiri amenewa. Tala amathera pamsewu waukulu. Kuchoka pamenepo kukafika pakhomo, galimoto imakwera chitunda cha miyala, kudumpha ngalande ndi kuzemba maenje omwe mvula imakulitsa chaka ndi chaka. Namondwe wa Freddy, yemwe adasakaza mzindawu mu March 2023, adakokolola milatho ndi misewu yambiri ya m'makwalala, makamaka kumbali ya phiri la Soche. Galimoto ya mtundu wa hatchback ndi yotsika. Ikanyamula anthu asanu, thumba la chimanga ndi la makala, imatsikirabe, ndipo mimba yake imayamba kukhula pansi. Choyamba kuvulala chimakhala chitsulo chotulutsa utsi, mapulasitiki a pansi pa injini ndi mashoku. Starlet yodzisinthira yokha magiya ili ndi magiya anayi okha, ndipo pachitunda chachitali itadzaza imalira kwambiri isanakwere. Yosinthira pamanja ili ndi magiya asanu, ndipo ndi yomwe imampatsa dalaivala mphamvu yosankha yekha pamalo otere.

Choncho yemwe akufuna kudziwa kayendedwe ka galimoto asakhutire ndi kuzungulira nayo kamodzi pa Ginnery Corner ali yekha. Aitengere kwawo, akwezemo a pabanja pake, aone ngati ikafike pageti osagunda pansi. Wogulitsa wokana zimenezi ndiye kuti pali chomwe akudziwa.

Nkhani yaikulu ili pa kulimba. Ambiri amayesa kulimba kwa galimoto pomenya chitseko ndi kumva kulira kwake, kapena podina chitsulo ndi chala. Muyeso umenewu ndi wosocheretsa. Galimoto za masiku ano zimapangidwa dala kuti mphuno yake ipindike pangozi n'kumwa mphamvu ya kugundako, koma chipinda chokhala anthu chisaphwanyike. Kulimba kwenikweni kumadziwika pokhapokha galimoto itaombetsedwa mwadala pamalo oyesera, muli zidole zoimira anthu, kenako n'kupatsidwa nyenyezi kuyambira ziro mpaka zisanu.

Apa ndi pofunika kudziwa mwini weniweni wa galimoto. Starlet yatsopanoyi siichokera ku Japan. Imapangidwa ku India m'mafakitale a Suzuki, ndipo ndi galimoto yomweyo yomwe imagulitsidwa pa dzina la Suzuki Baleno, kungoti yasinthidwa chizindikiro ndi zina za kutsogolo. Ku India komweko a Toyota amaitcha Glanza. Izi zidadza kaamba ka mgwirizano womwe makampani awiriwa adayamba kukambirana mu 2016. N'chimodzimodzi ndi Vitz yatsopano yomwe idatuluka mu 2023, yomwe ndi Suzuki Celerio, ndipo ilibe ubale ndi Vitz ya ku Japan yomwe yadzaza m'misewu ya Limbe. Palibe chinyengo pamenepa, ndipo Suzuki ndi kampani yodziwa kupanga tigalimoto tating'ono tokhalitsa. Koma wogula ayenera kudziwa chomwe akugula.

Mu 2021 bungwe la Latin NCAP, lomwe limayesa galimoto zogulitsidwa ku South America, lidaombetsa Baleno yakale yokhala ndi matumba awiri okha a mpweya otchedwa airbag, ndipo siidapeze nyenyezi ngakhale imodzi. Chimodzi mwa zifukwa chidali chitetezo chofooka ikagundidwa cham'mbali. Mu 2025 bungwe la Bharat NCAP la ku India lidayesa Baleno yatsopano n'kuipatsa nyenyezi zinayi pa chitetezo cha akuluakulu. Mayeso a mabungwewa amasiyana kukhwima kwake, choncho nyenyezi zawo sizingaikidwe pasikelo imodzi. Komabe phunziro lake ndi lomveka: galimoto ziwiri za dzina limodzi zikhoza kusiyana kutali malinga ndi chaka chomwe zidapangidwa komanso zida zomwe adaikamo. Pomwe Starlet ya 2022 inkakhazikitsidwa ku South Africa, yotsika mtengo idali ndi matumba a mpweya awiri a kutsogolo, pomwe yokwera mtengo idali ndi asanu ndi limodzi, kuphatikizapo a m'mbali. Kunja zonse zimafanana. Pamphambano za m'tauni, pomwe minibasi ikhoza kutulukira mwadzidzidzi n'kugunda pachitseko, kusiyana kumeneku ndi kwa moyo ndi imfa.

Asaganizenso wina kuti chatsopano chilichonse chimaposa chakale. Mu 2018 mabungwe a Global NCAP ndi Automobile Association ya ku South Africa adapatsa ziro galimoto ya Nissan NP300 Hardbody yomwe inkagulitsidwa yatsopano mu Africa. Mu 2020 adaiombanitsa ndi Nissan Navara ya kaunjika ya ku Ulaya, ndipo ya kaunjikayo ndi yomwe idateteza bwino dalaivala wake. Izi zidaonetsa poyera kuti makampani ena amatumiza ku Africa galimoto zomwe sangayerekeze kugulitsa kwawo, podziwa kuti malamulo a kuno ndi ofewa ndipo ogula safunsa.

Wina akhoza kunena kuti nkhani yonseyi ndi ya anthu olemera. N'zoona kuti kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse mu May 2022, kenako ndi K44 pa K100 iliyonse mu November 2023, mabanja ochepa okha ndi omwe angalowe m'shopu n'kutuluka ndi galimoto yosayendapo. Ambiri amaitanitsa Vitz, Passo, Fit kapena Sienta yogwirapo kale ntchito ku Japan, kudzera padoko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Koma galimoto yatsopano ya lero ndiyo kaunjika wa mawa. Makampani ndi mabungwe omwe amagula zatsopano amazigulitsa pakatha zaka zingapo. Kuonjezera apo, Starlet ndi imodzi mwa galimoto zomwe zakhala zikuyenda malonda kwambiri ku South Africa, dziko lomwe Amalawi ambiri amagwirako ntchito ndi kugulako katundu. Posakhalitsa zidzachuluka m'makwalala a Bangwe ndi Machinjiri, zitayenda kale makilomita ambiri, ndipo zidzagulidwa ndi mphunzitsi, namwino kapena mayi wa geni ya ku Limbe.

Pamenepo padzabuka funso la masipeya. Makaniko wa pansi pa mtengo akamva dzina la Starlet n'kuthamangira zitsulo za Starlet yakale kapena za Vitz ya ku Japan, adzaononga ndalama za mwini wake. Zitsulo zambiri za galimotoyi ndi za Baleno. Ogulitsa masipeya ku Limbe ndi ku Ndirande akadziwa zimenezi msanga, adzapulumutsa mabanja ambiri ku galimoto zogona pamiyala kuseri kwa nyumba.

Udindo ulipo pa mbali zingapo. Ogulitsa galimoto, kaya zatsopano kaya zakale, azinena poyera dziko lomwe galimoto idapangidwa, chaka chake, chiwerengero cha matumba a mpweya komanso zotsatira za mayeso a ngozi, m'malo mongotamanda wailesi ndi mawilo onyezimira. Boma, kudzera ku bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi nthambi yoona za pamsewu, likhwimitse muyeso wa chitetezo pa galimoto zolowa m'dziko muno potsata malamulo omwe bungwe la United Nations lidakonza kale okhudza kugunda kwa kutsogolo ndi kwa m'mbali. A MRA amawerengera msonkho poyang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo palibe choletsa aphungu kuganizira zopeputsa msonkho pa galimoto zomwe zidachita bwino pamayeso. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre nayo ikumbuke kuti ngalande yotsekeka lero ndi dzenje la mawa, ndipo dzenjelo limalipiridwa ndi mabanja omwe amasintha mashoku ndi matayala chaka chisanathe.

Wogula naye ali ndi mbali yake. Safunsa adadya phula. Asanapereke ndalama afunse komwe galimoto idachokera, asuzumire pansi pake, awerenge matumba a mpweya, aone ngati malamba onse a kumbuyo akugwira, ndipo afufuze mtengo wa mashoku ndi mabuleki ake m'mashopu a mumzinda muno. Akaigula, ana azikhala kumbuyo atamanga malamba, chifukwa nyenyezi zonse zija zimawerengedwa zidole zitamangidwa.

Starlet yatsopano ndi galimoto yabwino pa ntchito yomwe adaipangira. Ndi yotakasuka, yosamwa mafuta, yosavuta kuyendetsa. Banja lomwe nyumba yake ili pafupi ndi tala, ndipo lasankha yokhala ndi matumba a mpweya a m'mbali, silidalakwitse. Banja lomwe limakwera chitunda cha miyala tsiku ndi tsiku liganize kawiri, mwina liyang'ane galimoto yokwererapo ngakhale ikhale yosaoneka bwino. Anansi adzayamikira penti sabata imodzi, koma ngongole ya kubanki ndi ulendo wa ana wopita kusukulu zidzakhalapo zaka zambiri.